Belu la Tiyi

Subira atangobwera kuchokera ku Blantyre, komwe anakaphunzira za chitetezo cha pantchito, anafuna kuyesa anzake pagalaja ya mathiraki pafupi ndi malire a Mwanza. Anawauza kuti akamva belu la ngozi, onse athamangire pansi pa mtengo wa mango.

Lachiwiri m'mawa analiza belu mwamphamvu n'kukaima pamtengopo. Anadikira, koma palibe amene anabwera. Anakawapeza kukhitchini atandanda, makapu ali m'manja.

"Mayi, belu limeneli ndi la tiyi chiyambire," anatero a Lukman, makaniko wamkulu. "Lero mwatifulumizira, tathokoza."

Subira anaseka mpaka misozi. Nayenso anatenga kapu, ndipo ali pamzere pomwepo anagwirizana kuti pakagwa ngozi azimenya limu, chitsulo cha tayala la thiraki. Mawa lake limu italira, ngakhale wophika anasiya ketulo n'kuliyatsa liwiro kupita kumtengo wa mango uja.