Chikwama cha Anthu Awiri

Tsikulo kunacha ndi mawawa, mvula yosagwa kwenikweni koma yosalekanso. A Kalipentala anaima pakhonde la sitolo yotseka kudikira minibasi, chikwama chabuluu chili pakati pa miyendo yawo. Anthu ena odikira ankapatsana moni ndi kudandaula za kuzizira. Iwo anangogwedeza mutu kwa aliyense.

Dziko limene ankakhalalo silinali lawo. Anabwera ndi akazi awo kudzathandiza mwana wawo wamkazi, namwino, atangobereka. Mwanayo anali ndi chilolezo cha ntchito, koma makolowo anali alendo chabe, ndipo chidindo cha mlendo chimatha pa miyezi itatu. Chikatsala pang'ono kutha, munthu ankatuluka pachipata cha m'malire, kukagona m'dziko loyandikana nalo, n'kubwereranso kuti amudindire chatsopano. Anthu ankangoti akupita kukadinditsa.

Maulendo onse am'mbuyomo anayenda ndi akazi awo. Pazenera la ofisala amayi ndiwo ankayankhula, poti chiyankhulo cha kumeneko anachitola kumsika ndi kusikelo ya mwana. A Kalipentala ankangoima kumbuyo atanyamula chikwama. Tsopano amayiwo anali atagona kumanda a kunja kwa tawuni, kuseri kwa fakitale ya njerwa. Uwu unali ulendo woyamba kuyenda okha. Akanakanizidwa kulowanso, mwana, mdzukulu ndi mandawo zonse zikanatsala tsidya lina la chipata.

Namwino uja anali atawapempha kambirimbiri.

"Bambo, pali chilolezo cha kholo losungidwa ndi mwana wake. Tiyeni tikalembetse, maulendowa athe."

"Ine sindisungidwa," ankayankha choncho, n'kutenga sikuludalaivala kukamanga chitseko cha kabati chimene sichinali chowonongeka.

Minibasi inafika ili ndi Mai a Saluni pampando wakutsogolo. Mayi ameneyu ankaluka tsitsi m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina, ndipo ndiye ankasonkhanitsa anthu okadinditsa. Anali wamfupi, wa mawu aakulu, wodziwa zenera lililonse la pachipata ndi khalidwe la munthu wokhala kuseri kwake. Sankalipiritsa kanthu, koma malamulo ake anali osakambirana.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Pepani ndi zovuta zija. Ndinabwera, koma anthu anali ambiri."

"Ndinakuonani," anatero a Kalipentala.

Galimoto itangotuluka m'tawuni, Mai a Saluni anatembenuka, n'kugwada pampando kuyang'ana anthu awo.

"Atsopano tcherani khutu, akale musagone. Tikafika pachipata, palibe wogwira ntchito pakati pathu pano. Tonse ndife alendo, tikukacheza kwa abale. Mlendo amakhala ndi chikwama cha zovala, sayenda chimanjamanja ngati akupita kuchimbudzi. Sitibwerera tsiku lomwelo, tigona. Pamzere ine ndimakhala womaliza. Wina akavutika ndimafuna ndione ndi maso anga."

Kenako anatulutsa botolo la mafuta odzola n'kuliyendetsa. Manja a munthu, anatero, amaulula ntchito yake pakamwa pasanatseguke.

"Mai, ine mundidzoze nokha, manja anu ndi ofewa," anatero Wailesi, makaniko wina amene analandira dzinalo chifukwa chosatha kutseka pakamwa.

"Iwe ndikudzoza pamilomo kuti imatane. Taona zikhadabo zakozo! Mlendo wanji wa girisi mpaka m'zigongono?"

"Ndikanena kuti ndi chibadwa."

"Ukanene, tikusiya komweko ukwatire."

Anthu anaseka. A Kalipentala anapaka mafutawo pa zikhatho zawo zokhakhala, koma sizinasinthe.

Kenako kunabwera kuona zikwama. Mai a Saluni ankatsegula chilichonse. M'chikwama cha mtsikana wina anapeza epuloni ya lesitilanti yolembedwa dzina pachifuwa, n'kuilanda, kuipinda, kuibisa pansi pa mpando wa dalaivala. Atafika pa a Kalipentala, iwo anaika dzanja pazipi.

"Chili bwino."

"Ndingosuzumira, bambo."

"Chinalongedzedwa kale."

Mayiyo anawayang'ana kumaso kwa kanthawi, n'kupitirira. Chikwamacho ankachidziwa. Malemu anali ndi chizolowezi: akangobwera kokadinditsa, ankachapa, kusita, n'kulongedzeratu za ulendo wotsatira, chikwama n'kuchiika pamwamba pa wadilopu. Matenda anawagwira chikwamacho chili chokonzeka. M'mawa umenewo a Kalipentala anangochitsitsa, kupukuta fumbi, osachitsegula.

Kutuluka sikunavute, sikumavuta. Tsidya linalo anagona pa nyumba ya alendo yotchipa, amuna chipinda chawo, akazi chawo. A Kalipentala anagona ndi zovala zomwe anabwera nazo.

Kutacha, Mai a Saluni anawaimika onse pabwalo, pafupi ndi mpopi, kuwayesa mafunso m'chiyankhulo cha maofisala.

"Mukupita kuti? Kukacheza kwa mwana wanga. Mukakhala nthawi yaitali bwanji? Pang'ono. Mumagwira ntchito? Ayi. Tatiyeni bambo, nenani."

A Kalipentala ananena, mawu akutuluka amodziamodzi ngati misomali yozula pathabwa lakale.

"Eya, choncho. Musawonjezere kanthu."

"Awa kuwonjezera?" anatero Wailesi. "Awa mawu amagula pa sikelo."

Pachipata mzere unali wautali, wokhotakhota pakati pa zitsulo. Munkanunkha majuzi onyowa. Mazenera anali angapo, ndipo Wailesi ananong'oneza kuti aliyense apemphere asagwere kwa ofisala wa magalasi, wa imvi m'mbali. A Kalipentala anagwera kwa iyeyo.

Ofisalayo anatsegula pasipoti n'kuyamba kutembenuza masamba pang'onopang'ono. Kulowa, kutuluka, kulowa, kutuluka, zidindo zokhazokha za chipata chomwecho. Anafunsa funso loyamba, a Kalipentala anayankha monga anaphunzitsidwira. Kenako anafunsa lina lalitali, limene pa mpopi paja panalibe. A Kalipentala anacheukira kumanzere kwawo, kumene amayi ankaima. Kunali chitsulo chokha.

Anawalowetsa m'kachipinda kapambali. Munali tebulo, mipando iwiri ndi kabati ya mafayilo yopendekeka mwendo umodzi. Ofisala analoza chikwama. A Kalipentala anachiika patebulo, koma zipi anatsegula ndi ofisalayo.

Pamwamba panali diresi lobiriwira la maluwa oyera. Pansi pake duku, juzi yachikazi, nsapato zafulati zokulungidwa m'pepala, botolo la mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Fungo la sopo wa malemu linadzaza m'chipindamo. Pansi penipeni panali malaya a a Kalipentala amodzi, ositidwa, omangidwa mabatani mpaka m'khosi.

Ofisala ananyamula diresilo, n'kuyang'ana nkhalamba inali patsogolo pake. Anayankhula mokweza. Mwina ankafunsa ngati ndi malonda, mwina ngati chikwamacho n'cha munthu wina amene wazembera kumpanda. A Kalipentala sanamve. Maso awo anali pa diresilo.

Ofisala anatsegula chitseko n'kufunsa pamzere ngati alipo womasulira. Anthu onse a m'minibasi ankachidziwa chiyankhulocho, ndipo onse anapeza choyang'ana pansi. Ankadziwa kuti wolowa m'chipinda chimenecho naye pasipoti yake imagona patebulo. Ngakhale Wailesi anazima. Kumapeto kwa mzere kunamveka mawu aakulu aja.

"Ndilipo."

Mai a Saluni analowa, n'kuika pasipoti yawo patebulo asanauzidwe. Inali yonenepa ndi zidindo kuposa ya a Kalipentala. Ataona zovalazo anasendera pafupi ndi nkhalambayo.

"Bambo," ananong'oneza, "nenani kuti ndi mphatso za mwana wanu."

"Si mphatso."

"Bambo, ndapota nanu."

"Mumuuze zimene ndinene. Osachotsa, osawonjezera."

Mayiyo anatseka maso pang'ono, n'kugwedeza mutu.

"Zovalazi n'za mkazi wanga. Analongedza yekha. Timayendera chikwama chimodzi."

Mai a Saluni anamasulira. Ofisala anafunsa.

"Akuti ali kuti mkazi wanuyo?"

"Anamwalira. Tinamuika m'dziko lanu lino, kuseri kwa fakitale ya njerwa."

Ofisala anaika diresi lija pansi. Anatembenuzanso masamba a pasipoti, n'kufunsa funso lalifupi. Mai a Saluni analimasulira.

"Akuti, ndiye kuti simukukacheza. Mumakhala kumeneko?"

Ili ndilo funso limene mayiyo anathera zaka akuphunzitsa anthu kulizemba. Anawayang'ana a Kalipentala mowadandaulira.

"Ndimakhala."

Mayiyo akanatha kulikhotetsa liwulo, nkhalambayo sikanadziwa. Sanalikhotetse. A Kalipentala anaona nsidze za ofisala zikukwera pamwamba pa magalasi, ndipo anadziwa kuti lafika momwe linachokera. Koma mayiyo sanalekere pomwepo. Anapitiriza kuyankhula, modekha, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu, akuloza ndi chibwano zovala, kenako nkhalamba, kenako pachifuwa pake.

"Ndati osawonjezera," anatero a Kalipentala.

"Anu ndamaliza, bambo. Awa ndi anga."

Ofisala anamvetsera mpaka kumapeto. Anagogoda cholembera patebulo. Kenako anakoka pasipoti ya a Kalipentala, anadinda, n'kulemba ndi dzanja mizere iwiri pansi pa chidindocho. Anatenganso ya Mai a Saluni. Iyi anaiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ananso zala za mayiyo, zimene mafuta sanathe kubisa zipsera za ulusi wolukira tsitsi. Anadinda, n'kulembanso mizere iwiri.

"Wakupatsani masabata ochepa," anatero mayiyo, mawu ali pansi. "Akuti chidindo cha mlendo n'chomaliza chimenechi. Mukafuna kukhala, mukhale ndi chilolezo."

Ofisala anayesa kupinda diresi lija kuti alibwezere, koma analipinda mokhota. A Kalipentala analilandira ndi manja awiri, analitambasula patebulo la boma, n'kulipinda monga ankapindira mwini wake, manja mkati, kenako pakati. Ofisalayo anadikira osawafulumiza. Potuluka, a Kalipentala anatola kachidutswa ka katoni pansi, anakapinda, n'kukalowetsa pansi pa mwendo wa kabati ija. Inaima bwino.

Onse anakweranso minibasi. Wailesi anasuntha n'kuwapatsa malo a pazenera osanena kanthu. Atayenda kamtunda, a Kalipentala anaweramira kutsogolo.

"Nanunso wakudulani?"

"Wandidula."

"Ndakuwonongerani."

"Aaa, bambo. Wa magalasi uja ndinkamuzemba zaka zonsezi, tsiku lina tikanakumana basi. Zanga ndiziona. Pali mayi wina wa saluni yolembetsa amene wakhala akundiitana kuti andilembere zikalata, ine n'kumakana poti sindifuna kulamulidwa. Ndiye ndikagogoda."

"Munamuuza chiyani?"

"Ndinamuuza kuti mwana wanu ndi namwino, amasamala odwala a dziko lakelo. Kuti ndakuonani maulendo onsewa muli kumbuyo kwa amayi, mutanyamula chikwama chomwechi. Kuti bodza ndakuphunzitsani ine m'mawa uno, inu mwalikana." Anatembenuka n'kuwayang'ana. "Ndiponso ndinalonjeza kuti mukalembetsa chilolezo cha kholo. Musandisandutse wabodza kawiri tsiku limodzi."

"Ine sindisungidwa."

"Ho! Nanga pazenera paja amayi ankatani zaka zonsezi? Munadandaulapo?"

Wailesi anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa. A Kalipentala anayang'ana kumbuyo kwa mutu wa mayiyo, amene anali atayamba kale kuwerenga anthu ake ndi chala ndi kubweza epuloni ija kwa mwini wake. Kupatula malemu, anali asanaonepo munthu wina wotuluka pamzere chifukwa cha mnzake.

Anafika m'tawuni mawawa aja akadalipo. Potsika anavula chipewa kwa Mai a Saluni.

"Mpando wa m'saluni mwanu uja umagwedera. Ndinauona pa maliro, munabwereketsa."

"Mlendo sagwira ntchito, bambo."

"Si ntchito."

Kunyumba anapeza namwino akumwetsa mdzukulu wawo mankhwala a chifuwa. Anamupatsa namwinoyo pasipoti itatsegulidwa pa tsamba la chidindo. Iye anawerenga mizere iwiri ija, n'kuwayang'ana, osayerekeza kufunsa. Iwo analowa kuchipinda, anatulutsa zovala za amayi n'kuziika m'wadilopu, chikwama chopanda kanthu n'kuchibwezera pamwamba.

M'mawa mwake anavala malaya ositidwa aja, n'kupita kukajambulitsa zithunzi za chilolezo.