Funso la Make Mapasa

Make mapasa ankayanika matewera pamene mlamu wake analowa pageti, nkhope ya Wandevu itadzaza pamalaya ake. Chiyambireni kampeni, ntchito ya mlamuyo inali kuvina pamisonkhano ya chipani.

"Alamu, mwatani? Nsalu ya pulezidenti wathu wamawa mwaidula matewera?"

"Imamwa bwino madzi," anatero make mapasa. "Ya Wamagalasi ija inasuluka nditangoichapa kamodzi."

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo aka kanali koyamba kuti avote. Anzake a pampopi ankati atsogoleri onse ndi amodzi, kuvota n'kudzitopetsa. Iye sankawatsutsa, koma ankafuna kudzionera yekha. Sukulu anaisiyira Fomu 2 chifukwa cha mimba, ndiye wokopa anthu aliyense akagogoda pakhomo ankamufunsa funso limodzi: "Ndikabwerera kusukulu, anawa ndiziwasiyira ndani?" Mayankho ankawalemba kuseri kwa khadi la kusikelo.

Wotumidwa ndi Wamagalasi anati adzamanga masukulu ambirimbiri. Wotumidwa ndi Wadazi anangomuveka chipewa. Mtsikana wa kachipani kena anati sakudziwa, akafunsa. Anabweradi Lachinayi n'kuvomera kuti m'buku lawo nkhaniyo mulibe.

"Nanga wanuyo akuti chiyani, alamu?"

"Wathu adzakonza zonse."

"Zonse si yankho. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Tsiku lovota linafika mwamuna wake ali paulendo ndi lole ya kuntchito. Mzere unali utazungulira bwalo lonse la sukulu, dzuwa likuswa mtengo. Mwana wakumsana anayamba kulira, wam'manja n'kulandira nyimbo. Make mapasa anatuluka pamzere kuti azibwerera kunyumba, voti ipite.

"Mukupita kuti?" anafuula mlamu uja akuthamanga. "Bweretsani anawo kuno. Bola mukachonge pandevu!"

Anamupatsa anawo n'kubwerera pamzere. Kwa maola awiri ankasuntha ndi mzere, maso ali pansi pa mtengo pomwe panali mlamu ndi anawo. Anaona mlamu akubereka mmodzi, mfundo yake yolimba ndithu. Winayo anamuika paphewa, n'kumavina pang'onopang'ono mavinidwe a kumsonkhano aja mpaka onse anagona. Anasinthanso thewera osakwinya nkhope.

Make mapasa anatuluka chala chili ndi inki.

"Mwachonga pati?"

"Zimenezo tikudziwa ndine ndi bokosi."

Anatulutsa khadi lija m'chikwama n'kuyamba kulemba, atalitsamiritsa pabondo.

"Mukulembanso chiyani? Mavoti atha."

"Yankho la funso langa. Misonkhano yatha, alamu. M'mawa muzidzachita chiyani?"

Mlamu anatsegula pakamwa, koma mwana wapaphewa anatakataka, iye n'kuyamba kumusisita pamsana asanaganize n'komwe.

"Mwaonatu," anatero make mapasa akutseka cholembera. "Lolemba ndikukalembetsa kusukulu. Muzifika isanakwane seveni."