Mabokosi a M'mbali mwa Njanji

"Atibera," anatero Parno ataima pakhomo la kachipinda ka malemu bambo ake. "Ife tili kumanda, iwo ali muno kunyamula."

Pashelefu panatsala mabokosi atatu okha. Bambo akewo, Pak Ngadiran, amene anakalambira pa ntchito ya ukondakitala wa sitima, ankatolera mabokosi akale achitsulo a chithandizo choyamba, aja ankayenda m'sitima kuyambira nthawi ya atsamunda Achidatchi. Ankangoona chidindo cha pachivundikiro n'kukuuza njanji yake ndi zaka zake. Kale shelefuyo inali yodzaza, ndipo Parno anali atalonjeza kale onse kwa wogula wina wa mumzinda wa Semarang.

"Wakuberani ndani, Mas?" anafunsa Lastri, mlongo wake wamng'ono, amene ankamuitana choncho monga mchimwene wake wamkulu.

"A m'zisakasa za m'mbali mwa njanji aja. Sabata yonse akhala akudya mpunga wathu. Ndikupita kupolisi."

"Zaka zonsezi muli ku Surabaya osapondako kuno, lero mbava mwazidziwa nkhope? Munthu akasauka ndiye kuti ndi wakuba?"

"Pakamwa pakopo. N'chifukwa chake sukwatiwa."

"Inu munakwatira, nanga nzeru zinabwera?"

Mayi awo anali akukulunga m'masamba a nthochi mpunga wa pa mapemphero a tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirire amuna awo. M'kachipindamo sankalowamo, ankati mumanunkha dzimbiri.

Parno akumanga zingwe za nsapato, panja panamveka odi. Anali Mbok Painem, mayi wogulitsa mtedza pasiteshoni, atafungatira bokosi lobiriwira ngati khanda. Kumbuyo kwawo kunali ena a m'zisakasa muja, aliyense ndi lake.

"Tamva kuti mukuwafuna," anatero a Painem, maso ali pansi. "Bambo anu anatisungitsa. Ankati sitima ikapweteka munthu, chipatala chili kutali, ife ndiye tili pafupi. Mwezi ukatha ankabwera kudzaikamo zosowa."

Parno anatsegula bokosilo. Timabotolo takale ta mankhwala, timene wogula ankatifuna koposa, munalibe. Munali mankhwala atsopano a pachilonda, sizasi, ndi timizere ta nsalu towiritsa, tokulunga bwino ngati bandeji.

Mayi anapukuta m'manja, anatola kamodzi n'kukafunyulula pang'onopang'ono. Inali nsalu ya batiki ya maluwa akhofi.

"Iyi ndi yanga, ndinavala pa ukwati wako, Parno. Anandiuza kuti inauluka ndi mphepo pachingwe." Anatola kena. "Iyinso. Nkhalamba yabodza ija." Anaseka, kenaka anabisa nkhope m'kansaluko, mapewa akugwedezeka.

Parno anakhala pampando n'kuyamba kumasula nsapato.

"Nanga wa ku Semarang uja ndimuuza chiyani?" anafunsa chapansipansi.

"Mumuuze kuti anauluka ndi mphepo," anatero Lastri.

Mayi anakulunganso timizere tija, anatibwezera m'malo mwake, anatseka chivundikiro n'kuika bokosilo m'manja mwa a Painem.

"Muno mwachepa nsalu, Mbok," anatero. "Lastri, katenge yabuluu ija ili pachingwe. Ubwere ndi sizasi."