Gakko wa Apongozi

M'mudzi mwathu muno, kumapiri a ku Akita, mkamwini akhoza kukhala waulesi kapena chidakwa, timamukhululukira. Koma kusiya gakko wa apongozi ake m'mbale, umenewo ndi mlandu. Gakko ndi daikoni, mizu yoyera italiitali ija, imene timaiwamba pa utsi n'kuifotsera mu mchere ndi gaga wa mpunga kuti tizidyera nyengo yonse yozizira. Pa akazi tonse a kuno, pokonza gakko palibe ankafikapo pa mayi Kikue Odashima. Ndakhala nawo moyandikana kuyambira tili atsikana, ndipo ndikuvomereza zimenezi mtima ukundiwawa.

Mkamwini wawo, a Yoshinobu, anachokera kummwera, kumene chipale chofewa amangochionera pa TV. Atakwatira Chizuru, mwana yekhayo wa mayi Kikue, anatenga dzina la banja la mkazi n'kulowa m'nyumba ya apongozi. Ndi munthu wofatsa mopitirira muyezo, woti akagunda chitseko amachipepesa.

Chaka chatha, titangomaliza kukolola mpunga, adokotala anawayeza a Yoshinobu n'kupukusa mutu. BP inali itakwera koopsa. Anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza mosapsatira kuti akapitiriza kudya mchere chonchi, tsiku lina mtima uima kapena mtsempha wa m'mutu uphulika.

Atamuuza Chizuru, iye anawagwira dzanja.

"Mapiritsi muzimwa, koma za mchere musawauze amayi," anatero. "Bambo anagwa pakhomo pompano ndi sitiroko, sanadzukenso. Mukatchula mchere, amayi amva ngati mukuti anapha amuna awo."

Chizuru ankalawirira kuntchito, ndiye m'mawa uliwonse a Yoshinobu ankadya awiriwiri ndi apongozi. Mayi Kikue chikondi chawo n'chapambale. Mkamwini ankamudulira gakko wochindikala, n'kumuunjikira.

"Idyani bambo, mwamuna wopanda mchere m'thupi fosholo imamulemera."

Kudya kunali kudziitanira imfa, kukana kunali kubaya nkhalamba pachilonda. Choncho apongozi akangotembenuka kukatenga tiyi, a Yoshinobu ankakokolera gakko mu kampango n'kuika m'thumba. Potuluka kukakumba chipale pakhomo, ankakamutaya kuseri kwa shedi. Pofika madzulo chipale china chinkakhala chitagwa n'kukwirira zonse. Iwo ankaganiza kuti aola, kapena akhwangwala atola. Mwana aliyense wobadwira kuno akanawauza kuti chipale sichidya kanthu, chimangosunga, ndipo gakko wa mayi Kikue angathe chaka osaola.

Mbale zikubwerera zoyera choncho, mayi Kikue anayamba kutinyadira. "Mkamwini wanga amanyambita ndi mbale yomwe," ankatero, uku akuwonjezera muyezo.

Mu Epulo chipale chinayamba kusungunuka. Lamulungu lina masana, ine ndi mayi Setsu, mnzathu wapakamwa posatseka, tinapita kukamwa tiyi kwa mayi Kikue monga mwa masiku onse. Mayi Setsu anazungulira kuseri kwa shedi kukafuna ndiwo zoyamba kuphuka. Tinangomva akuseka.

"Anzanga a Kikue, tabwerani! Mwayamba liti kubzala gakko wodula kale? Chaka chino mukolola ndithu."

Tinapita. Pamatope panali mulu wa gakko, wina atamwazikira mpaka kungalande, osaola ngakhale mmodzi. Mayi Kikue anawerama n'kutola kachidutswa. Sanafunse kuti wataya ndani, chifukwa pa nyumba imeneyo munthu mmodzi yekha ndiye ankadulidwira wochindikala chotero. Makutu awo anafiira. Mayi Setsu kuseka kunawathera pakamwa, ine ndinangoyang'ana kumapazi.

Tinafuna kutsanzika, koma mayi Kikue anatikaniza. Anatola chidutswa chilichonse n'kuika m'beseni, anatsuka pampopi, n'kukakhazika besenilo patebulo pafupi ndi makapu athu. Kenako anaitana mkamwini ndi mwana wawo.

A Yoshinobu atalowa n'kuona beseni, anagwada pakhomo pomwepo.

"A Yoshinobu," anatero mayi Kikue ndi mawu otsika, "ndine wokalamba, mwina lilime linandithawa. Ndiuzeni pamaso pa anzangawa, ndinalakwitsa pati? Utsi unachuluka? Kapena mchere unachepa?"

"Amayi, palibe chimene munalakwitsa."

"Ndiye mwandisiya nyengo yonseyi ndikudzitama m'mudzi muno ngati chitsiru, inu mukutaya kuseri ngati zinyalala? Bwanji simunangondiponyera kumaso?"

Chizuru anatsegula pakamwa, koma amuna ake anamuletsa ndi dzanja. Anagunditsa chipumi pamkeka n'kulankhula ali choweramira.

"Ndili ndi BP, amayi. Adokotala anati ndikapitiriza mchere ndigwa sitiroko. Ndinachita manyazi kukuuzani. Ndinu munandilandira m'nyumba muno ndilibe kanthu, ndiye ndikanayamba bwanji kukana chakudya chanu? Ndalakwa kwambiri."

Ine ndinkalakalaka pansi patang'ambika ndilowe, chifukwa zinthu zina mnansi sayenera kuziona.

"Iwe unkadziwa?" mayi Kikue anafunsa Chizuru.

"Za BP ndinkadziwa. Ndine ndinawaletsa kukuuzani."

Mayi Kikue anayang'ana besenilo.

"Bambo ako anandipemphapo kamodzi," anatero. "Atachokera kuchipatala, anati ndichepetseko mchere. Ndinawayankha pamaso pa alendo kuti mwamuna woopa mchere akadye phala ndi makanda. Anthu anaseka. A Setsu, inu munalipo."

Mayi Setsu anagwedeza mutu movomereza, maso ali pansi.

Nkhalamba ija, mayi Kikue, inadzuka movutikira n'kulowa kukhitchini. Tinkaganiza kuti ikukalira. Inabwerako itanyamula chipande chogawira mpunga, chakuda ndi ukalamba. Kwathu kuno mayi amapereka chipande kwa mwana wake kamodzi kokha, ndipo akatero ndiye kuti wasiya khitchini: sagawanso chakudya, salawanso mphika, amangodikira kupatsidwa ngati mlendo. Ambiri amakakamira mpaka manja atalephera, ndipo a mayi Kikue anali akadali olimba.

Anagwada kutsogolo kwa Chizuru n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Kuyambira lero uziphika ndiwe. Dzanja langali silidziwa mchere wochepa."

Chizuru anayamba kulira, osafuna kulandira. A Yoshinobu anakwawa ndi maondo n'kukokera beseni lija kwa iwo. Nkhope yawo inali ya munthu amene wagwetsa nyumba ya eni ake pofuna kupha mbewa. Anatapa gakko wodzaza dzanja.

"Amayi, chonde musatero chifukwa cha ine. Bwezani chipande. Ndidya, ndidya yenseyu, ndipo sindidzatayanso."

Mayi Kikue anawagwira pamkono asanafikitse kukamwa, n'kuwafumbatula zala chimodzichimodzi mpaka zidutswa zonse zitagwera m'beseni.

"Amuna anga nawonso anatero," anawauza, "ndipo anadyadi."