Dolimako Wachisanu ndi Chiwiri

Mwa amuna amene anatuluka kukateteza mzinda wa Kerasa, asanu ndi awiri dzina lawo linali Dolimako. Pofika chilimwe chachitatu asanu ndi mmodzi anali atagona kale, onse ndi mkondo umodzi, wa Megatimo, ngwazi ya adani imene inkauza aliyense kuti agogo ake ndi mtsinje. Anatsala Dolimako woyenga mafuta a azitona, bambo wadazi amene kwawo ankathawa ngakhale tsekwe.

Anzake analeka kumwera naye chikho chimodzi. "Achimwene, nsapatozo mudzasiyire ine," anatero wina, osaseka n'komwe.

Tsiku lina fumbi la nkhondo litatsika, Dolimako anangozindikira kuti watsala yekha. Patsogolo pake panaima chishango chachikulu ngati chitseko, magazi asanaume. Chinali cha Megatimo. Kumbuyo kwa Megatimo kunkabwera kamkulu konyamula zeze, woimba wake, amene ankaika mayina a ophedwa m'nyimbo.

"Dzina lako ndi la atate wako!" anabangula Megatimo, pakuti mwambo sulola ngwazi kupha munthu wosamudziwa. Mkuwa wozizira wa kunsonga kwa mkondo unakhudza Dolimako pammero.

Anafuna kunama, koma milungu ili ndi makutu. "Dolimako, mbuyanga. Mwana wa Dolimako."

Mkondo unabwerera m'mbuyo kukatenga mphamvu. Dolimako anatsinzina, akumva fungo la thukuta la womupha.

"Pepani bwana," anatero woimba uja. "Ameneyu ndimuika pati? A Dolimako achuluka kale m'nyimbomu. Paphwando lija anthu amanong'onezana kuti mumangopha munthu mmodzimodzi."

"Ananena zimenezo ndani?"

"Alamu anu."

Mkondo unakhala m'malere nthawi yaitali. Dolimako sanayerekeze kumeza malovu.

"Iwe, ulibe dzina lina?" anafunsa Megatimo.

"Alipo mayina amene amanditchula mkazi wanga, mbuyanga, koma saimbika."

Megatimo analavula pansi, n'kutembenuka kukasaka munthu wa dzina latsopano. Woimba anamutsatira akukonza nsambo za zeze wake.

Dolimako anabwerera kuchipata chokwawa, msana ukunyerenyetsa podikira mkondo umene sunabwere. Mpaka ukalamba, akamva zeze ankalowa m'nyumba n'kutseka. Ana aamuna anabereka anayi, ndipo onsewo anawatcha Dolimako.