Seva Yokana Kuiwala

Nkhani iyi anandiuza ndi mkamwini wa m'banjamo, tikudikira basi pa benchi imodzi.

Apongozi ake aamuna anali okonza mawotchi. Atamwalira, mwana wawo wamwamuna anatenga zida n'kusamukira m'kachipinda kena kuseri kwa msika. Mwana wamkazi, amene ndi mkazi wa mkamwiniyo, ndiye ankasamala webusaiti ya shopu. Anaikamo pulogalamu yatsopano yotchula malo atsopanowo, koma aliyense wotumiza uthenga ankalandirabe yankho lakale la malemu, lobwera lokha: "Bwera nayo pakona paja, mwanangu. Wotchi siifa, imangokomoka." Anthu ankapita pakona, pamene panali shopu yakale, n'kupeza chitseko chokhoma. Ambiri sankafunsanso.

"Mwakonzadi, achemwali, kapena mwangopukuta fumbi?" anatero mlongo wake, kagalasi kali padiso.

"Iwe samala mawotchi ako. Seva, kompyuta yosunga webusaitiyi, inaloweza malangizo akale n'kuwaika m'kankhokwe kake kuti izifulumira. Atsopanowa sikuwawerenga. Ndingokhuthula kankhokweko basi."

Mayi awo anaimika tsache pakhomo.

"Ukakhuthula, mawu aja apita?"

"Apita, amayi. Makasitomala akusochera."

"Uchite mawa."

Mawa linasanduka mkuja. "Zengerezu adalinda kwawukwawu," anang'ung'udza mlongoyo, koma chapansipansi.

M'mawa wina mwana wamkazi uja anapeza mayi ake atakhala pampando wa malemu, akulemba pafoni ndi chala chimodzi: "Wotchi yanga yaima." Foni inalira. Anawerenga yankho lija, namwetulira ngati munthu wopatsidwa moni.

"Amayi, mawuwo ndikhoza kuwakopera mu pulogalamu yatsopano, n'kungosintha malo."

"Ukatero woyankha ukhala iweyo, osati iwo."

Mayiwo anayang'ana mwana wawo wamwamuna, amene anali atapinda manja, patebulo popanda wotchi ngakhale imodzi.

"Bambo anu sankalola munthu kuima pachitseko chokhoma. Ndionetse podina."

Anadina okha. Atatero analembanso uthenga womwe uja. Yankho linabwera louma, lolozera kuseri kwa msika.

"Njira yalondola," anatero, natolanso tsache lawo.

Za sevazo sinditsutsa, sukulu yanga sinafike kumeneko. Chimene ndikukayikira n'choti mayiwo anadina tsiku lomwelo. Amasiye ndawaona ambiri m'maulendo angawa. Ndikuganiza kuti anapemphanso mawa lina, koma mkamwiniyo anandifupikitsira nkhani poona basi ikufika.