Mafuta pa Kalata ya Sultani

Sabata yonse azimayi ankanong'onezana pachitsime kuti Dervish-beg, bwana wachuma wa kwathu kuno, watha basi, akuti Sultani, mfumu yathu yaikulu, walamula kuti amumete ndevu pamsika. Za ndevuzo ndinawonjezera ndine, ndisaname. Zoona zake n'zakuti bambo anga, a Bajro, anayenda wapansi mpaka ku Stambuli, kwa Sultani, kukadandaula za dambo lathu lodyetsera nkhosa limene beg ameneyu analanda. Anabwerako ndi kalata ya Sultani, zidendene zitang'ambikang'ambika.

Lachinayi tinapita kwa kadi, woweruza wa m'tauni mwathu. Ine ndi azakhali anga a Mejra tinakhala pakhomo. Mwambo wake ndi uja: kalata ya Sultani ikafika, kadi amaimirira, kuipsompsona, n'kuigunditsa pamphumi. Anachitadi zimenezo. Koma abale inu, milomo ija! Noninoni mafuta, m'ndevu muli mpunga. Pa dzina la Sultani penipeni panatsala chibanga cha mafuta. Chipinda chonse chinkangonunkha nyama ya nkhosa ndi adyo.

"Akuchokera kokadya kwa beg ameneyu," azakhali anandinong'oneza. "Taona chimimbacho, ngati muli mapasa."

Kadi anawerenga kuti nkhaniyi ifufuzidwe, wodandaula akapezeka wolungama abwezeredwe malo ake. Atatero anageya.

"Tifufuzetu, a Bajro. Mboni zanu zili kuti? Amuna awiri."

Bambo anacheuka. A Ibro ndi a Salko, aneba athu amene analumbira kuti adzatiikira umboni, anali ataima kumbuyo kwa beg, akupukutira zala m'malamba awo. Zala zonona.

"Ine ndinaona!" ndinakuwa. "Antchito a beg anazula miyala ya malire ine ndikuona!"

"Kamtsikana kamodzi si mboni," anatero kadi, osandiyang'ana n'komwe. "Mayi, katengeni kazikaluka masokosi."

Anthu anaseka. A Ibro, amene amadya buledi wa amayi anga chaka chonse, analumbira kuti dambolo linali la agogo ake a beg. A Salko anangoti, "Momwemo," maso ali pansi.

"Lamulo la Sultani takwaniritsa, tafufuza," anatero kadi. "Dambo ndi la Dervish-beg."

Kenako anawabwezera bambo kalata ija. Munthu sulandira kalata ya Sultani osaipsompsona. Bambo anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuika milomo yawo pompo, pamafuta paja. Ine ndinatulukira panja kukalavula.

Tsopano nkhosa zathu zikudya udzu wa m'mbali mwa msewu, ziwiri zafa kale. Bambo akuti chipale chofewa cha m'mapiri chikasungunuka abwereranso ku Stambuli, ati Sultani sakudziwa zimenezi. Bambowo amatsokomola ngati mbuzi yokalamba, ndipo dzulo ndawapeza akusoka nsapato zawo za ulendo. Ndikudziwa pamene amaziika. Inuyo mukanakhala ine, mukanawasiya apite, kapena mukanaziponya mumtsinje nsapatozo?